Iran ndi America: Mlandu Umene Umagwetsa Oyanjanitsa

Kumpoto kwa mzinda wa Tehran kuli msewu waukulu umene boma lausintha dzina kawiri, poyamba n'kuutcha Africa ndipo kenako Nelson Mandela, koma anthu a mumzindawo akamauza woyendetsa takisi kumene akupita amangoti Jordan. Dzinali si la dziko la Jordan ayi. Ndi la Samuel Jordan, mmishonale wa mpingo wa Presbyterian wochokera ku America, amene anatsogolera sukulu ya anyamata mumzindawo kwa zaka pafupifupi 40, sukulu imene inadzatchedwa Alborz ndipo inasula madokotala, mainjiniya ndi nduna za boma zambirimbiri. Munthu amene Iran amangoidziwira pa zithunzi za chikhamu chikuotcha mbendera ya America akhoza kudabwa nazo zimenezi, koma kwa zaka 50 zoyambirira za m'ma 1900, pa azungu onse amene ankaponda m'dzikolo, a ku America ndiwo ankakhulupiriridwa koposa.

Chifukwa chake chinali poyera. Amene ankaikhalira Iran pamsana masiku amenewo anali Britain ndi Russia, amene mu 1907 anagwirizana zogawana dzikolo m'zigawo za ulamuliro wawo popanda kufunsa eni ake. America inali kutali ndipo sinkaoneka kuti ikufunapo kanthu. Mu 1909 mphunzitsi wina wachinyamata wa ku America, Howard Baskerville, anaphedwa ku Tabriz akumenya nkhondo limodzi ndi anthu amene ankafuna kuti mfumu izilamulira motsatira malamulo oyendetsera dziko, ndipo manda ake ali komweko. Mu 1911 nyumba ya malamulo ya Iran inalemba ntchito Morgan Shuster wa ku America kuti akonze za chuma cha boma, ndipo amene anamuthamangitsa si eni dziko koma Russia, imene inaopseza ndi asilikali.

Zinthu zinasintha chifukwa cha mafuta. Kampani ya ku Britain ya Anglo-Iranian Oil Company, imene pambuyo pake inadzakhala BP, ndiyo inkapopa mafuta a dzikolo kuyambira pamene anapezeka ku Masjed Soleyman mu 1908, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 msonkho umene kampaniyi inkapereka ku boma la Britain unkaposa ndalama zimene inkapatsa Iran, mwini mafuta. Mu 1950 kampani ya ku America inavomera kugawana phindu pakati ndi pakati ndi Saudi Arabia, koma a ku Britain anazengereza kuchita chimodzimodzi mpaka madzi anafika m'khosi. Mu 1951 aphungu anavota kuti mafuta akhale m'manja mwa boma, ndipo Mohammad Mosaddegh anakhala nduna yaikulu. Britain inatsekereza malonda a mafutawo, chuma chinafooka, ndipo pa 19 Ogasiti 1953 akazitape a ku America a bungwe la CIA, motsogozedwa ndi Kermit Roosevelt, mogwirizana ndi anzawo a ku Britain, analipira magulu a anthu ndi akuluakulu ena a asilikali kuti agwetse bomalo. Mfumu ya dzikolo, Shah Mohammad Reza Pahlavi, amene anali atathawira ku Rome, anabwerera pampando. Mosaddegh anakhala m'ndende zaka 3, kenako pa ukaidi wosachoka pakhomo m'mudzi wa Ahmadabad mpaka imfa yake mu 1967. Chaka chotsatira chigwetsereni boma lake, makampani a ku America analandira 40 peresenti ya mgwirizano watsopano wopopa mafutawo.

Ine sindili m'gulu la amene amamuyeretsa Mosaddegh ngati mngelo. Masabata ake omaliza anathetsa nyumba ya malamulo kudzera m'riferendamu yokayikitsa, ndipo ena mwa amene anamutembenukira anali atsogoleri achipembedzo monga Ayatollah Kashani, chimene ndi chifukwa chake boma la Chisilamu limakonda kutchula za 1953 koma silikonda kulemekeza munthuyo. Ngakhale zili choncho, chilonda chimene anthu a ku Iran anatsala nacho n'chakuti anawachita chipongwe si mdani wodziwika, koma bwenzi limene ankalidalira.

Kwa zaka 25 zotsatira, Shah anali mnzake wa pamtima wa America. Apolisi ake achinsinsi a SAVAK, amene anakhazikitsidwa mu 1957 mothandizidwa ndi CIA, ankazunza otsutsa boma. Mu 1964 aphungu anavomereza lamulo loti asilikali a America okhala m'dzikolo pamodzi ndi mabanja awo asamazengedwe milandu m'makhoti a Iran, ndipo mtsogoleri wina wachipembedzo wa ku Qom, Ruhollah Khomeini, analalikira kuti lamuloli latsitsa mwini dziko kukhala wochepa kuposa galu wa mlendo. Anamuthamangitsira kunja, kumene anakhala zaka zoposa 14. Koma nthawi yomweyo America ndi imene inapatsa Iran makina ake oyamba a kafukufuku wa nyukiliya, amene anayamba kugwira ntchito ku Tehran mu 1967, ndipo pofika 1979 ophunzira a ku Iran m'sukulu za ukachenjede za ku America anali pafupifupi 50,000, kuposa ochokera dziko lina lililonse. Usiku wa pa 31 Disembala 1977 Jimmy Carter, pulezidenti wa America, ali pa phwando ku Tehran, anatcha Iran chilumba cha bata. Patangotha chaka ndi masabata awiri Shah anali atathawa.

Apa ndi pamene pakuyambira chimene ndimachiona ngati msana wa nkhani yonseyi. Khomeini atabwerera pa 1 Febuluwale 1979 anasankha Mehdi Bazargan, injiniya wopemphera amene anagwirapo ntchito ndi Mosaddegh pa za mafuta, kuti akhale nduna yaikulu. Bazargan ankafuna kuti ubale ndi America upitirire, koma pa mfundo zolemekezana. Mu Okutobala chaka chomwecho Carter analola Shah kulowa m'America kukalandira thandizo la matenda a khansa, ndipo ku Tehran anthu anakumbukira za 1953. Pa 1 Novembala Bazargan anakumana ndi Zbigniew Brzezinski, mlangizi wa Carter pa za chitetezo, mumzinda wa Algiers, ndipo nkhani ya kugwirana chanza kwawo inafika kwawo iye asanafike. Pa 4 Novembala ophunzira anakwera mpanda wa ofesi ya kazembe wa America. Khomeini anawayamikira, Bazargan anatula pansi udindo patangopita masiku awiri, ndipo anthu 52 a ku America anasungidwa ngati chikole kwa masiku 444, ena akumangidwa m'maso, ena akuopsezedwa kuti aomberedwa. Asilikali 8 a America anafera m'chipululu pafupi ndi Tabas mu Epulo 1980 poyesa kuwapulumutsa. Carter anagonja pa chisankho cha pa 4 Novembala 1980, tsiku lenileni limene ogwidwawo anakwanitsa chaka, ndipo anawamasula pa 20 Januwale 1981, Ronald Reagan atangolumbira.

Kwathu kuno nkhoswe ikayanjanitsa banja imathokozedwa ndi mbali zonse ziwiri, koma pa mlandu wa Iran ndi America aliyense amene wayesa kukhala nkhoswe amabwerako atavulazidwa ndi abale ake omwe, pamene amene ankati musayerekeze ndiwo amatuluka ngati olosera zoona. Bazargan anali woyamba chabe. Kuyambira pa 7 Epulo 1980, pamene ubale wa akazembe unadulidwa, zofuna za America ku Tehran zinasiyidwa m'manja mwa Switzerland ndipo za Iran ku Washington zinadzakhala m'manja mwa Pakistan, kotero kuti kwa zaka zambiri mayiko awiriwa akhala akutumizirana makalata kudzera mwa anthu ena.

Kuti timvetse chifukwa chake oyanjanitsa a ku Iran amagwa msanga, tiyenera kuona mmene mphamvu zinagawidwira m'dzikolo. Pulezidenti amasankhidwa ndi anthu zaka 4 zilizonse, ndipo aphungu 290 a nyumba ya Majles nawonso amavoteredwa. Koma pamwamba pawo pali Mtsogoleri Wamkulu, katswiri wa malamulo a Chisilamu amene amalamula asilikali, amasankha mkulu wa makhoti ndi wa wailesi ya boma, ndipo mawu omaliza pa ubale ndi mayiko ena amakhala ake. Mpandowu Khomeini anaukhala mpaka imfa yake mu 1989, ndipo Ali Khamenei ndiye analowa m'malo. Palinso bungwe la anthu 12 lotchedwa Guardian Council, limene limasefa aliyense wofuna kupikisana pa chisankho. 6 mwa iwo amasankhidwa ndi Mtsogoleri Wamkulu mwachindunji, ndipo 6 enawo mayina awo amachokera kwa mkulu wa makhoti yemwe uja. Pambali pa asilikali wamba pali gulu la Sepah, asilikali oteteza ulamuliro wa Chisilamu, amene ali ndi makampani a zomangamanga, mizinga, ndi nthambi yoona za kunja imene imathandiza Hezbollah ku Lebanon ndi magulu a zida ku Iraq. Choncho pulezidenti akhoza kupambana ndi mavoti mamiliyoni ambiri polonjeza kutsegula dziko, koma amakambirana ndi America pa chilolezo cha wina, ndipo zikalephereka mlandu wonse umagwera iye yekha.

Chipembedzo nachonso chili ndi mbali yake, ngakhale si mmene ambiri amaganizira. Anthu ambiri a ku Iran si Aluya. Amalankhula Chiperisiya, ndipo ndi Asilamu a Chishia. Pa mtima pa chikhulupiriro chawo pali imfa ya Husayn, mdzukulu wa Mneneri Muhammad, amene anaphedwa ku Karbala mu 680 pamodzi ndi kagulu kochepa atakana kugonjera wolamulira amene ankamuona kuti ndi wopondereza. Chaka chilichonse pa Ashura amuna ovala zakuda amayenda m'misewu akudziguguda pachifuwa ndi kulira imfa imeneyi ngati yachitika dzulo. Mwana wokulira m'mwambo wotere amaphunzira kuti kugonjetsedwa uli pa chilungamo kuli ndi ulemu kuposa kupulumuka pogwada, ndipo wandale amene akufuna kunyoza mnzake wokambirana ndi America sasowa mawu. Nkhondo ya zaka 8 ndi Iraq, kuyambira 1980 mpaka 1988, inazamitsa maganizowa, chifukwa Saddam Hussein anathira asilikali a Iran mpweya wa poizoni pamene America inkamupatsa uthenga wa akazitape. Pa 3 Julayi 1988 sitima yankhondo ya USS Vincennes inagwetsa ndege ya Iran Air yopita ku Dubai, ndipo anthu onse 290 anafa, 66 mwa iwo ana. America inati inaiyesa ndege yankhondo, ndipo mu 1996 inalipira mabanja ndalama zokwana madola 61.8 miliyoni popanda kuvomera mlandu. A ku America nawo ali ndi maliro awo amene sawaiwala, monga asilikali 241 amene anaphedwa ndi bomba ku Beirut mu 1983, limene amati kumbuyo kwake kunali Iran. Mlandu suwola, ndipo uku ndi uko aliyense amasunga wake.

Pulezidenti wa Iran Akbar Hashemi Rafsanjani anayesa njira ya malonda mu 1995 popatsa kampani ya ku America ya Conoco ntchito yopopa mafuta ya pafupifupi madola biliyoni imodzi, koma Bill Clinton anailetsa. Mohammad Khatami, amene anapambana mu 1997 ndi mavoti pafupifupi 70 peresenti, anayesa njira ya anthu. Mu Januwale 1998 analankhula pa CNN mawu aulemu kwa anthu a ku America, mwezi wotsatira akatswiri a masewero ogwetsana a ku America anaomberedwa m'manja ku Tehran, ndipo pa 21 Juni, mumzinda wa Lyon, osewera mpira a Iran anapatsa anzawo a America maluwa oyera asanawagonjetse 2-1 pa mpikisano wa dziko lonse. Pambuyo pa zauchigawenga za pa 11 Seputembala 2001 achinyamata anayatsa makandulo m'misewu ya Tehran, ndipo pa msonkhano wa ku Bonn mu Disembala nthumwi ya Iran, Javad Zarif, inathandiza America kukhazikitsa boma latsopano la Afghanistan. Patangotha masabata ochepa, mu Januwale 2002, George W. Bush anatchula Iran pamodzi ndi Iraq ndi North Korea ngati mgwirizano wa zoipa. Otsutsa Khatami kwawo sanafunenso umboni wina.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri pa nyengoyi ndi ya Abbas Abdi. Iyeyu anali mmodzi wa atsogoleri a ophunzira amene analanda ofesi ya kazembe mu 1979. Atakula anasintha maganizo, ndipo mu 1998 anakumana poyera ku Paris ndi Barry Rosen, mmodzi wa amene anawasunga ngati chikole. Mu 2002 bungwe lake linachita nawo kafukufuku amene anaonetsa kuti pafupifupi anthu atatu mwa anayi alionse amene anafunsidwa ku Tehran ankafuna kuti boma lawo likambirane ndi America. Anamumanga mu Novembala chaka chomwecho ndipo anakaseweza kundende. Munthu amene anakwera mpanda uja anamangidwa ndi boma lomwe analithandiza kumanga, chifukwa chowerenga anthu ofuna mtendere.

Kafukufukuyo sanadabwitse aliyense wodziwa makhalidwe a anthu a dzikolo. Alendo a ku America amene afikako amasimba zoitanidwa ku tiyi ndi anthu osawadziwa, amene amasiyanitsa bwinobwino munthu ndi boma lake. Anthu a ku Iran ali ndi mwambo wa ulemu wotchedwa taarof: ukafika kumene ukupita n'kufunsa mtengo, woyendetsa takisi amaika dzanja pachifuwa n'kunena kuti palibe cholipira, ndipo iwe uyenera kuumirira kawiri kapena katatu asanatchule ndalama, chifukwa ukangothokoza n'kutsika wamulakwira kwambiri. Chikondwerero chawo chachikulu si cha Chisilamu konse. Ndi Nowruz, chaka chatsopano cha mu Malichi chimene chinalipo Chisilamu chisanafike, pamene banja lililonse limayala pa tebulo zinthu zisanu ndi ziwiri za mwambo, kuphatikizapo mbewu zophukira, adyo ndi apulo. Ndipo kuli mazana a zikwi a anthu ochokera ku Iran amene amakhala ku America, ambiri ku Los Angeles, mpaka dera lina la mzindawo analipatsa dzina loti Tehrangeles. Maryam Mirzakhani, mkazi woyamba kulandira mphoto ya masamu ya Fields Medal mu 2014, anaphunzira ku Sharif University ku Tehran n'kukaphunzitsa ku Stanford. Ngakhale mitengo ya pistachio ya ku California, imene inalanda msika pamene ziletso za malonda zinatsekereza Iran, inachokera ku mbewu zimene katswiri wina wa zomera anatenga ku Iran, ndipo mtundu wake umatchedwa Kerman, dzina la chigawo cha kumeneko.

Kuyesa kwakukulu koposa kunali kwa Hassan Rouhani, pulezidenti wa Iran, ndi Barack Obama. Zokambirana zachinsinsi zinayambira ku Oman, ndipo mu Seputembala 2013 atsogoleri awiriwa analankhulana pa foni, koyamba chiyambire 1979. Mkangano unali pa yureniyamu. Mwala wake ukakumbidwa, ngati umene umapezeka ku Kayelekera, umakhala ndi gawo lochepera 1 peresenti la mtundu umene umatulutsa mphamvu, ndipo makina ozungulira mwaliwiro otchedwa centrifuge ndiwo amachulukitsa gawolo: 3 mpaka 5 peresenti imakwanira kupanga magetsi, pamene bomba limafuna pafupifupi 90. Pa mgwirizano wa ku Vienna wa pa 14 Julayi 2015, umene Britain, France, Germany, Russia ndi China anasainira nawo, Iran inavomera kusapitirira 3.67 peresenti, kusunga makilogalamu osaposa 300, kuchepetsa makina aja kuchoka pa pafupifupi 19,000 kufika pa 6,104, ndiponso kulola oyendera a IAEA, bungwe la dziko lonse loona za nyukiliya. Malipiro ake anali kuchotsedwa kwa ziletso za zachuma. Usiku umenewo anthu anavina m'misewu ya Tehran. Koma ku Washington mgwirizanowu sunadutse m'nyumba ya Senate ngati pangano lomanga dziko, ndipo maseneta 47 a chipani cha Republican anali atalembera kale atsogoleri a Iran kalata yowachenjeza kuti pulezidenti wotsatira akhoza kuufafaniza ndi cholembera. Pa 8 Meyi 2018 Donald Trump anachitadi zomwezo, ngakhale a IAEA anali atatsimikiza mobwerezabwereza kuti Iran ikusunga mbali yake.

Otsutsa mgwirizanowu anali ndi mfundo zimene sindingazitaye: sunakhudze za mizinga, ena mwa malire amene unaika pa nyukiliya anali ndi tsiku lothera, ndipo Sepah sinasiye kutumiza zida kwa anzake kunja kapena kumanga anthu a unzika wa mayiko awiri, monga mtolankhani Jason Rezaian amene anakhala m'ndende masiku 544. Komabe chimene chinabwera m'malo mwake chinali choipa kuposa pamenepo. Pa 3 Januwale 2020 America inapha Qasem Soleimani, mkulu wa nthambi ya Sepah yoona za kunja, pa bwalo la ndege la Baghdad. Patatha masiku 5 Iran inaponya mizinga pa malo a asilikali a America ku Iraq, ndipo m'chipwirikiti cha m'mawa womwewo asilikali ake anagwetsa ndege ya Ukraine itangonyamuka ku Tehran, n'kupha anthu 176, ambiri mwa iwo ana a dziko la Iran lomwelo, kenako boma linakana kwa masiku atatu. Mu 2021 Iran inayamba kuyenga yureniyamu mpaka 60 peresenti. Rouhani, amene anatsogolera dziko zaka 8, mu 2024 anakanizidwa ndi Guardian Council ngakhale kupikisana nawo pa mpando wa m'bungwe la akatswiri achipembedzo 88 limene limasankha Mtsogoleri Wamkulu.

Amene amalipira zonsezi ndi munthu wamba, ndipo amafinyidwa mbali ziwiri. Mu 2015 dola imodzi inkagulidwa ndi ma rial, ndalama ya ku Iran, pafupifupi 32,000 pa msika. Mu Malichi 2025 inadutsa miliyoni imodzi. Mankhwala saletsedwa pa lamulo la ziletso, koma mabanki akunja amaopa kukhudza ndalama iliyonse ya Iran, kotero odwala khansa ndi matenda ena osowa amavutika kupeza mankhwala. Anthu akatuluka kukadandaula, boma lawo limawatcha zidole za America: mu Novembala 2019 mazana a anthu anaomberedwa pa zionetsero zokana kukwera mtengo kwa petulo, ndipo mu Seputembala 2022, Mahsa Amini atamwalira ali m'manja mwa apolisi oona za kavalidwe, atsikana a sukulu anavula mipango n'kumafuula za mkazi, moyo ndi ufulu, ndipo ena mwa anyamata amene anawatsatira ananyongedwa. Pa chisankho cha 1997 anavota anthu pafupifupi 80 peresenti. Pa gawo loyamba la chisankho cha 2024 anavota pafupifupi 40.

Wopambana pa chisankho chimenecho, Masoud Pezeshkian, dokotala wa opaleshoni ya mtima, analonjezanso zokambirana. Nduna yake ya zakunja, Abbas Araghchi, inakambirana kasanu ndi Steve Witkoff, nthumwi ya Trump, pakati pa Epulo ndi Meyi 2025, Oman ili mkhalapakati. Kukumana kwachisanu ndi chimodzi kunakonzedwa pa 15 Juni ku Muscat, koma pa 13 Juni Israel inayamba kuphulitsa Iran, ndipo pa 22 Juni ndege ndi sitima za America zinaphulitsa malo a nyukiliya a Fordow, Natanz ndi Isfahan. Nkhondoyo inaima pa 24 Juni. Aphungu a ku Tehran anavota zoimitsa mgwirizano ndi IAEA, ndipo amene anayenera kusaina lamulolo anali Pezeshkian yemweyo amene anapempha mavoti kuti atsegule dziko. Oyendera anatuluka m'dzikolo pamene lipoti lawo la mu Meyi linali litanena kuti Iran ili ndi makilogalamu oposa 400 a yureniyamu ya 60 peresenti, ndipo kumapeto kwa Seputembala 2025 ziletso za United Nations zimene mgwirizano wa ku Vienna unachotsa zinabwezeretsedwa.